Thandizeni abale, ka Mira ka nambala ya kumudzi kangasinthidwe kukhala GP, nambala ya ku Gauteng?

Wa ku Ntaja: Moni nonse akuluakulu, pepani ndalowa ndi vuto madzulo ano. Pali mkulu wina kuno ku Rosettenville, ku Joni, akugulitsa ka Daihatsu Mira koyera, kooneka bwino ndithu, injini ikulira bho, akuti R27 000 koma ndipereke R10 000 lero lomwe isanakwane 9 koloko chifukwa pali wina akukafunanso. Kali ndi nambala ya kumudzi, blue book yakenso ndi ya kumudzi. Iye akuti kusintha kuti kakhale GP ndi nkhani ya sabata imodzi, ali ndi munthu wake amene amayendetsa mapepala. Ine ndimafuna ndizipangira ma delivery ndikaweruka ku shopu. Zimathekadi zimenezi? Komanso chikundidabwitsa, bwanji timagalimoto timeneti sitikupezeka m'magalaja a kuno pomwe ku Limbe ndi ku Liwonde tangoti mbwee?

Wa Bolt Randburg: Amwene delivery pa galimoto ya chani? Kuno delivery ndi njinga yamoto, ka Boxer basi, mafuta pang'ono ndipo supanikizika pa M1 nthawi yoweruka. Ndalama imeneyo gulani njinga, ikakubwezerani mugule ina mupatse mnyamata azikubweretserani ya pa sabata.

Sisi wa ku Tembisa: Achimwene mwabwera liti kuno? Pagulu pano pali anthu ambirimbiri osadziwana, inu mukulengeza kuti muli ndi R10 000 m'thumba, dera lomwe muli mwatchulanso, ndi nthawi yomwe. Chatsala n'kutiuza nambala ya chitseko basi. Atsopanonu mumationjeza.

Telala wa ku Fordsburg: Timagalimoto timeneto analetsa chifukwa cha poizoni wa nyukiliya uja wa ku Fukushima mu 2011. Magalimoto onse a ku Japan analowa mphepo imeneyo nde boma la kuno linakana, n'chifukwa chake amakataya kwathu poti ife sitiyeza. Kasitomala wanga wina amagwira ku doko anandiuza yekha.

Bambo a Tadala Cosmo City: Ndi ya chaka chanji Mira yakeyo? Giyabokosi yake ndi iti? Mlamu wanga anabwera ndi Passo kuchokera ku Mzuzu, inafa giyabokosi pa William Nicol pomwe m'mawa anthu akuthamangira ku ntchito, mahutala mbali zonse, tinakankha anthu atatu mpaka pa filling station. Tinazungulira ma scrapyard onse, aliyense akangomva kuti Passo amafunsa kuti ndi galimoto ya dziko liti. Inakhala pa yadi mpaka udzu unamera pansi pake, mapeto ake giyabokosi inachokera ku Lilongwe pa basi.

Wa Bolt Randburg: Kkkkk sipeya kuchokera ku Malawi kubwera ku Joni, dziko latembenuka

Dalaivala wa thiraki: A Telala, za Fukushima zisiyeni, lamulo limeneli linalipo kale 2011 isanafike. Ine ndimayenda Durban mpaka Blantyre, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue kukalowa pa Mwanza, nde zimenezi ndimaziona ndi maso. Ku Durban magalimoto a ex-Japan alipo odzaza mayadi, Vitz, Passo, Sienta, Fit, Mira zomwezo. Koma ali mu bond, msonkho wa South Africa sanalipire chifukwa akungodutsa kupita maiko ena. Amakugulitsa ukaonetsa pasipoti ya kunja, ndipo galimotoyo suyendetsa wekha pamsewu wa kuno, amaikweza pa kariya mpaka ikatuluke pa boda. Ndiye pali ochenjera amene amaitulutsira ku Lesotho kapena ku Eswatini, kuika nambala ya kumeneko, kenako yabwereranso kudzagulitsidwa kuno mwakabisira. Zimenezo ndi zomwe apolisi ndi a SARS, otolera msonkho a kuno, amalanda, ndipo zambiri amakaphwanya, osati kukubwezera.

Telala wa ku Fordsburg: Nanga kasitomala wanga anganame bwanji munthu wamkulu ngati uja

Mayi a Shukurani Randburg: Pepani kulowerera, alipo akudziwa transporter wonyamuka Loweruka wopita ku Balaka? Ndili ndi firiji yaing'ono ndi zikwama ziwiri

Aphunzitsi Sandton: Mwana wa ku Ntaja wafunsa mafunso awiri osiyana ndipo palibe amene wamuyankha mokwanira, ndiloleni ndifotokoze bwinobwino. Choyamba, galimoto yogwiritsidwa kale ntchito siloledwa kulowa mu South Africa kuti idzagulitsidwe kapena kulembetsedwa kuno pokhapokha a ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi wotuluka, atapereka pemiti, komanso pafunika kalata ya a NRCS, bungwe loona za miyezo, yotsimikiza kuti galimotoyo ikugwirizana ndi miyezo ya kuno. Pemiti imeneyo sapatsa aliyense. Amapatsa nzika ya kuno imene imakhala kunja ndipo ikubwerera ndi galimoto yake, munthu amene wapatsidwa permanent residence akusamuka ndi galimoto yomwe anali nayo kale kwawo, galimoto ya chuma cha masiye, yokonzedwa mwapadera kuti ayendetse munthu wolumala, ya mpikisano, kapena yakale kwambiri ya zaka 40 kupita m'tsogolo. Ka Mira kogulidwa pa msewu ku Rosettenville sikakulowa paliponse pamenepa. Munthu wakeyo chimene angachite ndi kuika mapepala a galimoto ina pa kagalimotoko, ndipo tsiku logwidwa wopezeka nako ndiwe, iye kulibe.

Chifukwa chake boma limakanira si kudana ndi Japan ayi, ndi ntchito za anthu ake. Dziko lino limapanga magalimoto. Toyota ili ku Prospecton ku Durban ikupanga Hilux ndi Corolla Cross, VW ili ku Kariega komwe kale tinkati Uitenhage ikupanga Polo, BMW ku Rosslyn, Ford Ranger ku Silverton ku Pretoria, Mercedes ku East London, Isuzu ku Gqeberha. Kuseri kwa mafakitale amenewa kuli enanso opanga mipando, matayala, mabatire, mawaya, magalasi. Mutsegule chipata lero kuti Vitz ya zaka khumi izilowa pa mtengo wa ku Japan, ndani angagulenso Polo Vivo yatsopano? A NUMSA, bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale amenewa, angatseke misewu tsiku lomwelo. Ngakhale galimoto yatsopano yochokera kunja imalipira msonkho wa 25%, ya ku Ulaya 18%, zonsezo n'kutchingira mafakitale omwewa. Kwathu kulibe fakitale ya magalimoto yoti titeteze, nde MRA imangoti lowetsani, lipirani duty malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, boma lapezapo ndalama.

Wa Bolt Randburg: Aphunzitsi mwalemba mayeso a MSCE apa, ndani awerenge zonsezi ali pa robot kkkk

Bambo a Tadala Cosmo City: Koma ine ndikudziwa kuti galimoto ikatha zaka ziwiri ili kuno imaloledwa kulembetsa GP. Zimenezo nde zoona, ambiri apanga.

Aphunzitsi Sandton: Ayi bambo a Tadala, zaka ziwirizo anthu amazimva mozondoka. Amene wapatsidwa pemiti ya ITAC ndi amene saloledwa kugulitsa galimotoyo zaka ziwiri zisanathe. Galimoto yolowa ngati ya mlendo ngakhale itakhala zaka khumi siisanduka ya kuno, imangokhala yoti masiku ake anatha kalekale.

Bambo a Tadala Cosmo City: Inu mwabwera liti kuno kuti muzitiphunzitsa? Galimoto yake munagulapo?

Madala a ku Rosettenville: Ana inu lekani kukangana. Iwe wa ku Ntaja wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ogulitsa amene amati pali wina akufunanso, perekani lero lomwe, ndawaona kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Galimoto yabwino ya mapepala abwino mwini wake sachita nayo phuma usiku.

Makaniko Booysens: Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Aphunzitsi za lamulozo akunena zoona koma mbali ina ya nkhaniyi ili pansi pa boneti, imeneyo tisiyireni ife. Mira si galimoto yaing'ono wamba, ku Japan ili m'gulu lake lapadera lotchedwa kei, la nambala zachikasu. Lamulo lawo limati injini isapitirire 660cc, kutalika mamita 3.4, m'lifupi mamita 1.48, ndipo makampani anagwirizana kuti mphamvu isadutse mahatchi 64. Ukagula yotere msonkho wapachaka umatsika, inshuwalansi imatsika, pa toll umalipira zochepa, ndipo m'madera ambiri akumidzi safuna umboni wa malo oimikapo galimoto umene amafuna pa galimoto zazikulu. N'chifukwa chake mwa magalimoto atatu atsopano ogulidwa ku Japan, imodzi kapena kuposerapo imakhala kei. Tsono chotsa kagalimotoko ku Japan ubwere nako kuno, zabwino zonsezo zatsala komweko, chimene wabwera nacho ndi ka injini ka 660 basi.

Ndiye Joni ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu yake ikafika kuno poyerekeza ndi ku Durban. Mira wamba mahatchi ake safika n'komwe 64. Ikani anthu anayi, yatsani aircon, lowani pa N3 pomwe anzanu akuthamanga 120, mathiraki uku ndi uku, mumakhala ngati nkhuku yalowa m'khola la ng'ombe.

Wa ku Dedza: Akulu ku Dedza nakonso n'kokwera, kuzizira kwake mukukudziwa, koma ma Mira akukwera tsiku ndi tsiku ali ndi matumba a kachewere kumbuyo. Musanyoze kagalimoto kaja, kamandifikitsa ku Lilongwe ndi mafuta oti Hilux singatuluke nawo n'komwe pa boma.

Makaniko Booysens: Sindikunyoza amwene, pa mafuta palibe angakagonjetse. Koma pa M1 ya kumudzi ndani amathamanga 120 ndi maenje aja, njinga za kabaza, mbuzi, anthu a pa msika ali mumsewu? Kumeneko kali pakwawo. Kuno munthu amakhala ku Soweto ntchito ku Midrand, highway tsiku lililonse, December akufuna kupita ku Limpopo kapena ku Eastern Cape ndi banja lonse ndi katundu. Makampaniwo si opusa. Taonani Suzuki Jimny, ku Japan ilipo ya 660cc, koma yotumiza kunja anaiika injini ya 1.5. Mira yomweyo inagulitsidwako kuno zaka za m'ma 2000 pa dzina la Charade, koma anachita kuiika injini ya 1.0. Ndipo Daihatsu inasiya kugulitsa kuno mu 2015, ku Ulaya inachoka mu 2013, nde ngakhale dila woti ukalire naye palibe.

Sisi wa ku Tembisa: Abwana anga akale anali ndi ka Charade kofiira, amakakonda kuposa amuna awo kkkk

Telala wa ku Fordsburg: Komanso a mataxi ndi amene anauza boma kuti Sienta isalowe, amadziwa kuti ikalowa minibasi yawo ya Quantum yatha ntchito. Izi nde musanditsutse.

Dalaivala wa thiraki: A Telala inu sokani mabulauzi. Lamulo silitchula Sienta, likuletsa galimoto iliyonse yakale kaya ndi Benz. Ndipo si South Africa yokha imene imatchinga, ku Zimbabwe kuyambira 2021 analetsa zopitirira zaka 10, ku Kenya malire ndi zaka 8. Aliyense amatseka chitseko mwa njira yake.

Aphunzitsi Sandton: Ndiwonjezere pa zimene anena a Makaniko, chifukwa funso lachiwiri lija ndi lokoma. Wina atha kufunsa kuti chabwino zakale analetsa, nanga bwanji Honda kapena Suzuki osangobweretsa kei zatsopano m'mashopu awo? Nkhani ndi masamu. Kuti mtundu watsopano wa galimoto ugulitsidwe m'dziko, kampani iyenera kuupititsa ku mayeso a dzikolo, kumasulira mabuku ndi zolemba za pa dashboard, kusintha wailesi, kudzaza masipeya m'nyumba zosungira katundu kwa zaka zambiri, kuphunzitsa amakaniko, kupereka waranti. Ndalama zimenezi n'zofanana kaya galimoto ndi yaikulu kaya yaing'ono, koma phindu la pa kagalimoto kakang'ono ndi lochepa kwambiri, pomwe pa Fortuner imodzi amadya bwino. Komanso ife timaganiza kuti kei ndi yotchipa chifukwa timaiona itakalamba. Yatsopano ngati Honda N-Box, imene imagulidwa kwambiri ku Japan, ili ndi zitseko zotseguka zokha, makamera, mabuleki odzigwira okha, yopangidwa ndi anthu olandira malipiro a ku Japan. Ikwezeni sitima, ikanipo 25%, ifika kuno yodula kuposa Swift ya ku India yomwe ndi yaikulu ndiponso yamphamvu. Ndani angagule?

Chimene chimatchipitsa ex-Japan ndi kuyeza galimoto kwawo kumene amati shaken. Galimoto ikatha zaka zitatu iyenera kukayezedwa, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo zimadya ndalama, nde ambiri amangogulitsa ikadali yabwino n'kugula ina. Zimenezo ndi zomwe zimathera pa okushoni kenako pa sitima ya ku Dar es Salaam ndi ku Durban.

Ku America nakonso n'chimodzimodzi, galimoto yosapangidwira msika wawo salola kulowa mpaka itakwana zaka 25, n'chifukwa chake timathiraki ta kei timene amatikonda kumeneko timakhala takalekale.

Wa Bolt Randburg: Koma nde kunena kuti kuno kulibe timagalimoto ting'onoting'ono ndi bodza. Kwid, S-Presso, Celerio, i10, tadzaza pa Bolt, app yoitanira taxi ija. Nanga ka Bajaj Qute kachikasu kaja mukukaona ku Randburg ndi ku Braamfontein? Injini yake ndi ya 216cc, Mira ndi chimphona pamenepo.

Makaniko Booysens: Eya, koma onani kumene tikuchokera, India. Kumeneko amapanga zochuluka zedi pa mtengo wotsika, chiwongolero kumanja ngati kuno, zopangidwira misewu yoipa ndi kutentha. Ndiwo anatenga malo amene kei ikanakhala. Ndipo apa pali msampha, mverani bwino amene mumagulira abale masipeya. Vitz imene Toyota ikugulitsa kuno kuyambira 2023 si Vitz ya kumudzi ija ayi, ndi Suzuki Celerio ya ku India yomata baji ya Toyota. Vitz ya ku Japan kuno inkagulitsidwa ngati Yaris. Mukalowa mu shopu n'kunena kuti ndikufuna mabuleki a Vitz mutumiza kumudzi chinthu chosalowa. Demio funsani Mazda2, March funsani Micra, Fit yakale funsani Jazz, Passo yoyambirira ija funsani Daihatsu Sirion. Injini ya 1KR ya mu Passo ndi Vitz ya 1.0 imapezekanso mu Yaris 1.0 ndi Aygo za kuno. Koma nthawi zonse tengani chassis number ndi chithunzi cha sipeya yakaleyo, chifukwa zina zimasiyana pang'ono. Sienta, Ractis, Probox, Wish, Raum, zimenezo sizinagulitsidwepo kuno, magalasi ndi malaiti ake musavutike n'kufunafuna.

Bambo a Tadala Cosmo City: Nde munali kuti nthawi imene timavutika ndi Passo ija akulu

Makaniko Booysens: Munafunsa pagulu? Mumafunsa zinthu zitavuta kale

Mayi a Shukurani Randburg: Ee mwanditchulira Sienta mtima wanga wapita kutali. Kukwera pa Liwonde kupita ku Mangochi, galimoto ya anthu 7 mutadzazamo khumi ndi mwana pamwendo, dalaivala wakhalira limodzi mpando ndi pasinjala, nsomba zamangidwa pa galasi panja kuti zisanunkhe, kamayi ka Chijapani kaja kakuyankhula kokha mu dashboard palibe akukamva. Pano mango ayamba kumudzi. Shukurani wanga anandiimbira dzulo akuti amayi mubwera liti, ndinangoti posachedwa.

Sisi wa ku Tembisa: Musatilize asisi, ena tili pa ntchito. Limbani mtima, Mulungu alipo.

Wa ku Dedza: Wailesi zake zija zothera pa 90 FM, kuti umve masiteshoni ena mpaka ukaikitse ka expander ku Devil Street kkkk. Ndasowa kwathu abale, ndasowa chimanga chootcha cha pa Lizulu.

Madala a ku Rosettenville: Inu mukulira mango a chaka chino, ife ena amatitcha matchona. Koma pa nkhani ya magalimotoyi ndikuuzeni zimene ndaona. Dziko lino njira yake yopezera osauka galimoto sinali kuitanitsa zakale za kunja, inali kupitiriza kupanga mtundu wakale womwewo osausintha. Citi Golf anaipanga kuyambira 1984 mpaka 2009, Golf yoyambirira yomwe ku Germany anaisiya kalekale. Toyota Tazz mpaka 2006. Bakkie ya Nissan 1400 inayamba m'ma 1970 ili Datsun 1200 n'kudzatha 2008. Lero Polo Vivo ndi nzeru yomweyo, Polo yakale yopitirizidwa. N'chifukwa chake Tazz sipeya yake umaipeza ngakhale pa spaza, mwana aliyense wa ku lokeshoni amadziwa kuikonza. Munthu wa ndalama zochepa kuno amayambira pamenepo.

Wa Bolt Randburg: Madala Tazz ndi Polo nde zimene akuba amazikonda kwambiri, mukagona mudzuka pali mafuta okha pansi

Madala a ku Rosettenville: Amaba chifukwa zili ndi msika mwana wanga. Gula loko ya chiwongolero, ika pa yadi yotseka.

Wa ku Ntaja: Akuluakulu zikomo koma nthawi ikutha, mkulu uja waimba kawiri. Akuti ngati ndikuopa za GP ndizingoyendera nambala ya kumudzi yomweyo, ambiri akutero. Nde ndipereke kapena ayi?

Telala wa ku Fordsburg: Nambala ya kunja nde yabwino, makamera a pamsewu saiwerenga, ma fine sabwera

Sisi wa ku Tembisa: A Telala mudzamangitsa mwana wa eni ake inu

Dalaivala wa thiraki: Usapereke mphwanga. Galimoto ya nambala ya kumudzi imalowa pa Beitbridge ndi pepala la kanthawi lochokera ku customs, TIP, lili m'dzina la munthu amene analowa nayo, lili ndi tsiku lothera, ndipo lamulo lake ndi loti galimotoyo ibwerere, siyogulitsa kuno. Mufunse akuonetse TIP yakeyo uone tsiku. A JMPD, apolisi a pamsewu a mu Joni, akakuimitsa nambala yachilendo amayamba ndi pepala limenelo, kenako pasipoti yako. Dzina la pa blue book lina, la pa TIP lina, lako lina, ufotokoza chani? Ndipo ngati masiku a mu pasipoti anatha nkhani siikhalanso ya galimoto, ukupita ku Lindela kumene amasunga oti abwezedwe kwawo.

Wa Bolt Randburg: Komanso pa app saivomera, amafuna galimoto yolembetsedwa kuno, disiki ya kuno, ndi lipoti loti yayezedwa. Ukafuna kunyamula anthu nde PrDP, chilolezo cha dalaivala wonyamula anthu, pamwamba. Izi nde ndikudziwa ine osati Aphunzitsi.

Aphunzitsi Sandton: Palibe amene wakutsutsa mwana iwe

Makaniko Booysens: Wa ku Ntaja mvera. R27 000 yakoyo isunge, onjezera pang'ono, upeze Tazz, Corsa Lite, Atos kapena Spark ya mapepala a kuno. Pita masana, osati usiku, tenga munthu wodziwa injini. Nambala ya chassis ya pa galimoto ifanane ndi ya pa disiki ndi ya pa pepala la registration, dzina la wogulitsa lifanane ndi ID yake. Iwe poti ulibe ID ya kuno uyenera kukatenga kaye traffic register number ku licensing, umapita ndi pasipoti ndi pemiti zosatha masiku, umboni wa kumene ukukhala ndi zithunzi, popanda imeneyo galimoto singalowe m'dzina lako. Ndipo usalembetse m'dzina la chibwenzi cha kuno kapena la bwana, tawaona ambiri akulira. Pa Jules Street magalimoto alipo ambiri koma pamafunika maso, ena ndi ochita ngozi ongowapaka penti.

Bambo a Tadala Cosmo City: Spark ayi, ine ndikukana. Atos bola.

Makaniko Booysens: Mwayambanso

Wa ku Dedza: Koma ngati ka Mirako kali bwinodi bwanji osagula n'kukatumiza kumudzi kazikagwira taxi? Blue book ilipo kale, duty inalipiridwa kale

Dalaivala wa thiraki: Katuluka bwanji pa boda ngati TIP inatha kapena ili m'dzina la munthu wina? Chilango chake chikhoza kuposa phindu lonse. Ndipo ukudziwa bwanji kuti kumudziko sikakufunidwa, mwina kali pa ngongole kapena n'kobedwa? Wofuna Mira ya kumudzi aitanitse ku Japan idzere ku Dar ilowe pa Songwe, kapena agule pa yadi ku Lilongwe komweko m'bale wake ataiona ndi maso. Kungoti ndi mmene kwacha inagwera ndi 44% mu November 2023 mitengo yake simungaizindikire, amene tili ndi marandi ndi amene tikupumako pang'ono.

Telala wa ku Fordsburg: Lero rate ili pa bwanji kodi?

Admin: Za rate pitani ku gulu lina lija, pano ayi, tinakambirana kale. Komanso atsopano nonse, nkhani ya magalimoto a nambala zakunja inakambidwa mwezi watha, muziyamba mwawerenga zakumbuyo musanafunse. Iwe wa ku Ntaja fufuta uthenga uli ndi ndalama uja. Ndikukumbutsanso za chopereka cha maliro a m'bale wathu wa ku Diepsloot, thupi likuyenera kunyamuka Lachisanu ndipo ndalama ya mayendedwe sinakwane, amene simunapereke mukudzidziwa.

Sisi wa ku Tembisa: Ine ndatumiza masana a Admin, taonani

Mayi a Shukurani Randburg: Mzimu wake uwuse mumtendere. Nanga za transporter wa ku Balaka zija palibe akudziwa abale? Firiji ikungonditsekera malo m'chipinda

Dalaivala wa thiraki: Mayi ndilembereni kumbali, alipo wina amapakira ku Mayfair koma firiji muikulunge ndi bulangeti, msewu wa ku Tete si wabwino.

Wa ku Ntaja: Ndamuuza kuti andionetse TIP mawa masana ndibwera ndi makaniko, wawerenga koma sanayankhe. A Makaniko traffic register ija ku licensing ya ku Langlaagte amapanga?

Makaniko Booysens: Pita ku licensing ya dera limene lili pa umboni wa adiresi yako, ukafunse pa kauntala m'kati, anyamata oima pa geti aja usawapatse pasipoti. Ulawire, mzere wake umayamba kusanache.

Bambo a Tadala Cosmo City: A Makaniko nanga injini ya Aygo ija ingalowe mu Passo ya 2008 osasintha mawaya? Mlamu akufunsa